Mtengo wa Khirisimasi: zokongoletsera zili m'nyumba mwanu momwemo

Disembala akangolowa, foni nayo imasintha maonekedwe. Pa WhatsApp, pa Facebook ndi pa TikTok, ponseponse ndi mitengo ya Khirisimasi yothwanima, timipira tofiira ndi tagolide tili lendelende, mphatso zitaunjikana pansi. Munthu ukaona zimenezo n'kutembenuka kuyang'ana pabalaza pako, kamtima kamayamba kukunong'oneza kuti, "Iwe, tangothamangira kushopu." Ukafika kushopuko ndiye umazindikira kuti mtengo nawo uli ndi mtengo wake. Kapaketi ka timipira tochepa chabe kangathe kudya ndalama ya ndiwo za masiku angapo.

Sizodabwitsa ayi. Zokongoletsera za m'mashopu zimachokera kunja, zambiri ku China. Mzinda umodzi wokha wa Yiwu umapanga gawo lalikulu la zokongoletsera za Khirisimasi zomwe zimagulitsidwa pa dziko lonse. Amalonda amazigula ndi ndalama zakunja, ndiye kwacha ikagwa mphamvu, monga idachitira mu Novembala 2023 pomwe idatsika ndi 44 peresenti, kampira kaja nako kamalumpha. Pamenepo n'kuti Januwale ali pakhomo: lendi, fizi ya mng'ono wanu, ndi feteleza wobereketsa yemwe amayi akudikira kumudzi.

Ndiye sabata ino tiyeni tikambirane za kupanga tokha zokongoletsera. Si nkhani yongopulumutsa ndalama. Monga muonere, kumeneku ndiko kutsatira mwambowu momwe udayambira.

Kale zonse zinali zapamanja

Mwambo wa mtengo wa Khirisimasi si wakuno, ndipo m'Baibulo simupezamo lamulo lake. Udayambira ku Ulaya, m'madera olankhula Chijeremani, zaka pafupifupi 500 zapitazo. Zolembedwa za mu 1605 za mumzinda wa Strasbourg, womwe lero uli m'dziko la France, zimafotokoza kuti anthu ankaimika mitengo m'nyumba n'kupachikapo maluwa odulidwa kuchokera ku mapepala amitundumitundu, maapozi, timikate topyapyala ndi maswiti. Maapoziwo anali ndi chifukwa chake: ankakumbutsa mtengo wa m'Paradaiso, womwe unkaimikidwa m'masewero a pa 24 Disembala ofotokoza nkhani ya anthu awiri oyamba.

Taonani mndandandawo: pepala, chipatso, ufa, shuga. Zonse zinali za m'khitchini ndi za kumunda.

Timipira tagalasi tidabwera mochedwa, cha m'ma 1840, kuchokera kwa amisiri a m'tauni yaing'ono ya Lauscha ku Germany. Mu 1848 nyuzipepala ya Illustrated London News idasindikiza chithunzi cha Mfumukazi Victoria, amuna awo Prince Albert ndi ana awo atazungulira mtengo wokongoletsedwa ku Windsor, ndipo mabanja ambiri ku Britain adayamba kutengera. Tingati iyo ndiyo inali post yomwe idatchuka nthawi imeneyo. Magetsi a pamtengo adayamba mu 1882 ku New York, pomwe Edward H. Johnson, yemwe ankagwira ntchito ndi Thomas Edison, adamangirira timababu 80 pamtengo wa kunyumba kwake.

Choncho wina akadzaseka nyenyezi yanu yakatoni, mudzamuuze kuti zapulasitiki ndizo zachilendo. Eni mwambo ankagwiritsa ntchito zomwe anali nazo. Nafenso tili ndi zathu. Kwathu kuno Disembala ndi mvula, mango ndi ngumbi, osati chipale chofewa, ndiye palibe chifukwa chowazira thonje pamtengo pofuna kunamizira nyengo yomwe ambirife sitidaionepo.

Poyamba, mtengo weniweniwo

Chonde musakadule nsonga ya mtengo wamoyo kuti ungokongoletsa nyumba kwa masabata awiri. Mitengo yathu ikutha kale. Mkungudza wa ku Mulanje, womwe ndi mtengo wa fuko lathu, uli pangozi yotheratu m'phirimo chifukwa cha kudula mosasamala ndi moto. Njira zina zilipo zitatu.

Yoyamba ndi nthambi youma yokhala ndi mphanda zambiri. Isadzeni pang'ono, ipaleni makungwa, muipake laimu kapena penti yoyera yotsala. Imikeni m'ndowa kapena m'chitini chachikulu, mutsendere ndi miyala ndi mchenga kuti isagwe, kenako mukulunge ndowayo ndi chitenje.

Yachiwiri ndi ya amene tikuchita lendi kachipinda kamodzi ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi, komwe pansi palibe malo. Pezani timitengo kapena nsungwi zisanu ndi ziwiri, mudule motalika mosiyana: masentimita 10, 20, 30, mpaka 70. Ziyaleni pansi ngati makwerero, yaifupi kumwamba, yaitali pansi. Mangirirani chingwe cha khonje kumapeto onse awiri kuti zonse zilumikizane, n'kupachika pa msomali umodzi pakhoma. Msomali umodzi wokha, alandilodi sangadandaule.

Yachitatu ndiyo ine ndimaikonda: mbande yamoyo ya mtengo, yokulirapo, yoikidwa m'ndowa. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndiye zikugwirizana bwinobwino. Ikeni pafupi ndi zenera, muzithirira, musaisunge m'nyumba kupyola masiku khumi, ndipo mupachikepo zopepuka zokha.

Guluu wa m'khitchini

Musanagule guluu, yesani uyu. Tengani supuni ziwiri za fulawa kapena ufa wa kondowole, musungunule m'supuni khumi za madzi ozizira. Ikani pamoto wochepa, muzitakasa mphindi ziwiri kapena zitatu mpaka zikhale ngati phala la mwana. Thiranimo kamchere pang'ono kuti lisachite nkhungu msanga, mulisiye lizizire. Limagwira bwino pepala, katoni ndi nsalu. Pangani lokwanira tsiku limenelo lokha, chifukwa likagona limasasa. Pa zinthu zolemera monga zitsekerero za mabotolo, phala silithandiza. Pamenepo gwiritsani ntchito ulusi kapena kawaya.

Za mapepala ndi makatoni

Yambani ndi unyolo wa mapepala, chifukwa ngakhale mwana wa sitandade 1 angathe. Dulani timizere ta masentimita 2 m'lifupi ndi 15 m'litali kuchokera m'magazini akale, kalendala ya chaka chatha kapena mapepala okutira mphatso. Matani kamzere koyamba kakhale ngati mphete, lowetsani kachiwiri m'katimo n'kumata, n'kumapitiriza choncho. Mukasankha mitundu iwiri kapena itatu yokha n'kumaisinthanitsa, unyolo umaoneka wolongosoka. Mukasakaniza chilichonse umaoneka ngati zinyalala zamangidwa pamodzi.

Kampira kapepala nako n'kosavuta. Ikani kapu pa pepala lolimbirapo, mujambule mabwalo asanu ndi atatu ofanana, muwadule. Pindani lililonse pakati, mtundu wokongola ukhale mkati. Matani theka la bwalo loyamba ku theka la lachiwiri, lachiwiri ku lachitatu, mpaka onse athe. Musanamate lomaliza ku loyamba, goneketsani ulusi pakati pomwe mapindo onse akumana, musiye kakhwekhwe kopachikira kumtunda. Mukatseka, kampira katha.

Makatoni a mkati mwa tishu musamataye. Aphwatalitseni, mudule timphete ta sentimita imodzi. Kalikonse kamaoneka ngati tsamba. Lumikizani tisanu kapena tisanu ndi kamodzi pansonga, mupanikize ndi mapegi ochapira mpaka guluu aume, ndipo mupeza duwa looneka ngati nyenyezi.

Nyenyezi yapamwamba idulidwe pa katoni yolimba, ziwiri zofanana. Zikutireni ndi pepala lonyezimira la mkati mwa mapaketi a tiyi kapena a mkaka waufa, mutalitsuka n'kuliumitsa. Matani m'mbali, koma pansi musiye mpata wolowetsera nsonga ya mtengo.

Pitani kwa atelala

Mwezi uno atelala ali pa ntchito usiku ndi usana kusoka zovala za Khirisimasi, ndipo pansi pa makina awo pamakhala mulu wa mapisi. Apempheni mwaulemu, kapena muwasiyire kangachepe. Mapisi a chitenje ndiwo adzapatse mtengo wanu nkhope yakwathu.

Dulani bwalo la masentimita 10. Sokererani ulusi kuzungulira m'mphepete ndi singano yapamanja, mosathinitsa, kenako kokani ulusiwo. Nsalu imakwinyika n'kukhala kaduwa ka masentimita pafupifupi 5. Sokererani batani lakale pakati. Mukafuna kampira, musakoke msanga: ikani tinsanza pakati kaye, kenako kokani n'kumanga.

Njira yomweyo imagwira pa zitsekerero za mabotolo a zoziziritsa kukhosi. Kutani chilichonse ndi kabwalo ka nsalu, mukoke ulusi kumbuyo. Zisanu ndi chimodzi zikazungulira chimodzi chapakati n'kusokedwa m'mbali, zimapanga duwa lolimba lomwe lingakhale zaka. Mukafuna timabelu, boolani zitsekerero pakati ndi msomali, mutunge zinayi kapena zisanu pa kawaya monga tinkachitira popanga maseche.

Juzi yakale ya pa kaunjika yomwe yatha ntchito, imasuleni. Kulungani ulusi wake pa zala zinayi maulendo 50 kapena kuposa, vulani, mangani mwamphamvu pakati, dulani mapindo a mbali zonse, mupese ndi zala. Kampira kaubweya kameneko ana amakakonda kwabasi.

Za kumunda ndi za m'njira

Mngelo wa makoko a chimanga ndiye mfumu ya zonse. Pano makoko ouma ndi osowa poti kukolola kudapita kale, koma ogulitsa chimanga chootcha cha kudimba amataya makoko tsiku ndi tsiku. Atoleni, muwayanike masiku angapo pamalo posafika mvula. Pa tsiku lopanga, anyikeni m'madzi ofunda kwa mphindi 10 kuti afewe. Tengani anayi, mumange pamodzi kumapeto kumodzi, kenako muwatembenuze kuti mfundoyo ibisike mkati. Mangani ulusi pansi pa mfundo; umenewo ndi mutu. Pindirani khoko lina ngati ndudu, mumange nsonga zake, mulilowetse mopingasa pansi pa mutu. Amenewo ndi manja. Mangani m'chiuno, mudule m'munsi kuti mkanjo ufanane. Khoko lomaliza likwinyeni pakati, mumangirire kumsana likhale mapiko. Ndevu za chimanga zimakhala tsitsi. Makungwa ouma a thunthu la nthochi amagwiranso ntchito yomweyo, ndipo mtundu wake wofiirira ndi wokongola kale, sufuna penti.

Amene muli kufupi ndi mitengo ya paini, monga ku Zomba, ku Dedza kapena ku Chikangawa, tolani zipatso zake zouma zomwe zagwa pansi. Ngati ndi m'nkhalango yotetezedwa kapena munda wa eni, pemphani kaye. Musadabwe mukazipeza zotsekeka: zimatseka kukakhala chinyezi ndipo zimatseguka zikauma. Ziyanikeni padzuwa kapena chapatali ndi mbaula, muzigwedeze kuti tizilombo tituluke, n'kupaka penti kunsonga kokha.

M'tauni, yang'anani pansi pa mitengo ya jakaranda. Zikhokhombe zake zozungulira, zophwatalala ndi zolimba ngati thabwa zimalandira penti bwino. Zigoba za malambe ndi za mateme nazo n'chimodzimodzi: chotsani zamkati, muumitse, mupale ndi sandipepa, mujambule mizere ndi madontho. Izi n'zolemera, ndiye zipachikeni nthambi zam'munsi. Timitengo tisanu tofanana kutalika, tikapingasana n'kumangidwa ndi ulusi pansonga zisanu, timapanga nyenyezi. Mlaza wotsala kwa oluka madengu umalukika kukhala timitanda ndi timphete.

Mbuliwuli zotungidwa pa ulusi zimakongola, koma dziwani kuti mukuitana nyerere ndi makoswe. Ngati mukuzifunabe, zitungeni pa 24, muzichotse pa 26.

Zoumba

Amene muli ndi uvuni yesani izi. Sakanizani makapu awiri a fulawa ndi kapu imodzi ya mchere wosalala, muzithira madzi pang'onopang'ono, osapyola kapu imodzi. Kandani mphindi 10 mpaka zisiye kumata m'manja. Yalani ndi botolo kufika pa theka la sentimita, mudule ndi kapu kapena mpeni, ndipo musaiwale kuboola kabowo kopachikira zisanaume. Ikani mu uvuni pa moto wochepa, madigiri 120, kwa maola awiri kapena atatu. Moto ukachuluka zimafufuma n'kung'aluka. Opanda uvuni mungaziyanike masiku angapo, mukuzitembenuza.

Koma chenjezo ndi ili: mchere umakoka chinyezi, ndipo tili m'dzinja. Zikauma ndi kupakidwa penti, zipakeni vanishi mbali zonse, apo ayi pofika Chaka Chatsopano zidzakhala zitafewa. Sizodyedwa, ndipo mchere wochuluka chonchi ungadwalitse mwana kapena galu.

Ngati fulawa ndi wa mandasi a pa tsikulo, musamuwononge. Dongo lilipo. Ana omwe amaumba ng'ombe kudambo angaumbenso nkhosa, nyenyezi ndi timabelu. Dinditsani chala kapena dzanja la khanda la m'nyumbamo pa kadongo kophwatalala, mulembe chaka kumbuyo. Pakatha zaka khumi, chimenecho mudzachisunga kuposa chilichonse chogula.

Omwe sabwera chaka chino

Pafupifupi banja lililonse lili ndi munthu yemwe mpando wake ukhala wopanda munthu: achimwene ali ku Johannesburg, achemwali akugwira ntchito ku Leeds, agogo omwe adatisiya. Zithunzi zawo zangodzaza m'foni. Sankhani zingapo, mukatsukitse zazing'ono pa pepala limodzi, muzidule mozungulira, mumate pa katoni, m'mphepete mukute ndi chitenje kapena chingwe cha khonje. Kumbuyo lembani dzina. Mwana akafunsa kuti "Awa ndani?", nkhani yayambika. Ndipo mukaimba video call pa 25, m'bale wanu uja adzadziona ali pamtengo wa kwawo.

Pasakhale ngozi

Zonse tatchulazi, mapepala, makoko, nsalu ndi nthambi youma, ndi nkhuni. Magetsi akazima, kandulo isayandikire mtengo ngakhale pang'ono, ndipo mtengowo ukhale kutali ndi mbaula. Ngati mukufuna zowala, gulani timagetsi ta LED ta mabatire kapena ta sola, chifukwa sititentha kwambiri. Ta pa soketi muone kaye ngati waya sanasupuke, ndipo muzizimitsa pogona kapena pochoka.

Timabatire tozungulira tooneka ngati tindalama n'toopsa kwa ana. Mwana akameza, kangathe kuwotcha kum'mero m'maola awiri okha. Zikachitika thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti muone kaye.

Samalaninso ndi njere. Tinjere tofiira tonyezimira tokhala ndi kadontho kakuda, tomwe asayansi amatitcha Abrus precatorius, timakopa maso koma tili ndi poizoni woopsa, makamaka tikabooledwa kapena kutafunidwa. Nsatsi nazo n'chimodzimodzi. Zimenezi zisafike pamtengo. Ngati m'nyumba muli mwana wosakwana zaka zitatu, mikanda, mabatani ndi zitsekerero zikhale nthambi zam'mwamba, pansi pakhale zansalu zikuluzikulu.

Za glitter, ganizirani kawiri. Yambiri ndi tizidutswa ta pulasitiki tomwe tikakokoloka timakathera m'mitsinje ndi m'nyanja, n'chifukwa chake maiko a European Union adaletsa kugulitsa ya pulasitiki yongowaza kuyambira mu Okutobala 2023. Mapepala onyezimira a m'mapaketi aja akukwanira.

Musapange nokha

Mutu umodzi susenza denga, ndipo ntchito iyi kukoma kwake n'kuchitira limodzi. Sabata yoyamba ikhale yotolera: ikani katoni pakona, aliyense aziponyamo zomwe wapeza. Loweruka lotsatira masana, mvula ikugwa panja, yalani mphasa, itanani ana a m'nyumba ndi a aneba. Akuluakulu agwire sizasi, singano ndi msomali. Ana amate, apake, atunge. Foni igwire ntchito yoimba nyimbo basi.

Ndipo mwana akapanga mngelo wopindika khosi, musamukonzere. Mupachikeni pomwe aliyense angamuone. Mwana amene waona kuti chopangidwa ndi manja ake chapatsidwa malo pabalaza amaphunzira kuti chisangalalo sichidikira malipiro a pa mwezi. Phunziro limenelo lidzamuthandiza pa Disembala wina yemwe zinthu zidzavute, ndipo tonse tikudziwa kuti Disembala wotere amabwera.

Mtengo wanu sudzafanana ndi wa pa TikTok, ndipo usafanane. Wa pa TikTok ungakhale wa aliyense, ku Dubai kapena ku London. Wanu udzakhala ndi chitenje chomwe amayi adavala pa chinkhoswe, juzi yomwe mudavala ku sekondale ndi chala cha mwana wa achemwali.

Ambiri amachotsa zokongoletsera cha pa 6 Januwale. Pukutani chilichonse, zoumba muziike m'botolo kapena m'chitini chotseka bwino, zina zonse m'katoni pamalo ouma, kutali ndi mphemvu zomwe zimakonda guluu wa ufa. Lembani chaka pa katoniyo. Chaka chamawa mudzangowonjezera zatsopano zingapo. Ngati mudasankha mbande, ikhazikeni pamthunzi panja masiku angapo kuti izolowere, kenako kumbani dzenje muidzale mvula ikadalipo.

Khirisimasi yabwino kwa inu ndi onse a kwanu. Tikumane sabata yamawa.